Maimelo a mlongo wanga a ku Joni: mmene shopu ina ya pa boma la Kasungu inandisamutsira

Amayi awiri a ku Chigwirizano andifunsa kale kuti ku shopu ya makompyuta kuja zinandiyendera bwanji, ndipo mmodzi akufuna kupita komweko sabata ya mawa. Pakhomo pa tchalitchi sungafotokoze zonse, wina akukukoka chitenje kuti tiyeni tikaone odwala. Ndiye ndati ndikhale pansi ndilembe bwinobwino, zokoma ndi zowawa zomwe. Dzina la shopu sinditchula, chifukwa pali cholakwa chomwe ndifotokoze ndipo mwini wake anachikonza ndi mtima wonse. Ndi imodzi mwa mashopu aja a pa boma omwe sakana ntchito: fotokope, kusindikiza, kumata mapepala mu pulasitiki, zithunzi za pasipoti, kuthira nyimbo m'mafoni, kulembera ana makalata ofunsira ntchito.

Ine ndine mphunzitsi wopuma. Akaunti yanga ya Yahoo ndinatsegula mu 2006, osati chifukwa chokonda zamakono ayi, koma chifukwa cha mlongo wanga amene anapita ku Johannesburg chaka chimenecho chisanafike. Kuimba foni kunali kodula, kalata ya papositi inkatenga masabata, ndiye iye anati, "Achemwali, pitani ku kafe ya intaneti akakutsegulireni imelo." Nthawi imeneyo ndinkaphunzitsa cha ku Chamama. Ndikabwera pa boma kudzatenga malipiro, ndinkalipira theka la ola pa kafe, n'kumalemba ndi chala chimodzi uku ndikuyang'ana wotchi. Tinalemberana choncho zaka khumi. Iye anamwalira mu 2016, ndipo kuchokera pamenepo akauntiyo ndinkangoitsegula mwa apo ndi apo, makamaka ndikamusowa.

Chomwe chinandidzutsa ndi mdzukulu wanga. Iye ndi amene ananditsegulira Gmail pomwe ndinagula foni ya Android, ndipo zonse za masiku ano, za penshoni, za ana, zimafikira kumeneko. Tsiku lina anandiuza kuti makampani amenewa sasunga bokosi la munthu mpaka kalekale ngati mwini wake sakulitsegula. Yahoo ikhoza kuchotsa makalata a munthu amene watha miyezi 12 osalowa, ndipo Google nayo, kuyambira mu Disembala 2023, inati ikhoza kutseka akaunti yomwe yatha zaka ziwiri osagwiritsidwa ntchito. Ndinawerenga pa zala miyezi yomwe ndinatha osatsegula, mtima unagunda.

Poyamba ndinayesa ndekha. Ndinkatsegula imelo imodzi, n'kuitumiza ku Gmail, kenako ina. Nditatumiza makumi atatu ndinapita kukaona, ndipo zomwe ndinapeza zinandifooketsa: yonse ikuonetsa kuti yachokera kwa ine, ndi tsiku la dzulo. Mawu a mlongo wanga alimo ndithu, koma atakankhidwira pansi, ngati kalata yomwe wina waikopera m'kope ndi dzanja lake. Ndinaona kuti bandulo ikungotha pachabe. Ndiye Lachiwiri m'mawa ndinakwera kabaza kuchokera kwathu ku Chankhanga, buku la nyimbo lili m'chikwama, chifukwa pasiwedi ndinailemba kuchikutiro chake.

Mwini shopu kunalibe tsiku limenelo. Ndinapeza mnyamata wom'thandiza, wansangala, wa manja othamanga. Vuto loyamba linali langa ndekha. Pasiwedi inalola, koma popeza kompyuta inali yachilendo, anafuna kutumiza nambala yotsimikizira ku foni yomwe ndinalembetsa kalekale. Nambala imeneyo ndinaisiya kufa mu 2018, chaka chomwe MACRA inalamula kuti aliyense alembetse simu khadi yake ndi chiphaso; ine ndinalembetsa imodzi, inayo inali mu kafoni kakufa m'dirowa. Mwayi wake, mwana wanga wa ku Mzuzu anaikamo imelo yake ngati njira yachiwiri zaka zapitazo osandiuza. Ndinamuimbira ali kuntchito, anawerenga manambala aja pa foni, chitseko chinatseguka. Pamenepa mnyamatayu ndimuyamikire, ndi iye anaona kuti pali njira ina pomwe ine ndinali nditayamba kale kumanga chikwama.

Koma panali zinthu ziwiri zomwe sizinandisangalatse ngakhale tsiku lomwelo. Anandifunsa pasiwedi mokweza, pali anthu asanu pa mzere wa fotokope, n'kuilemba kuseri kwa lisiti yakale. Chachiwiri, sanandifunse funso ngakhale limodzi za zomwe zili m'bokosimo. Anatsegula pulogalamu ya maimelo yotchedwa Thunderbird, anadina apa ndi apo, makalata anayamba kutsika ngati chimanga pa chigayo, kenako anawakokera ku Gmail. Patatha ola ndi theka anati, "Zatheka mayi, onse alowa." Anandionetsa pa sikirini, ndinaonadi dzina la mlongo wanga ndi chaka cha 2006 pambali pake. Ndinalipira K10,000, ndinagula mbatata pamsika, ndinapita kwathu wokondwa.

Usiku, nditamaliza za kukhitchini, ndinavala mandala n'kuyamba kufufuza pa foni. A 2006 alipo, a 2007 alipo. Kuchokera pamenepo, zii. Ndinakumbukira kuti kumayambiriro kwa 2008 mtsikana wina wa pa kafe anandiphunzitsa kupanga foda, ndipo ndinapanga ina n'kuitcha Joni, momwe ndinkasungiramo chilichonse chochokera kwa iye. Fodayo sinaoloke. Ndipo china chomwe sindinachiganizepo n'kale lonse: mayankho anga onse, omwe ndinkamulembera ine, nawonso kunalibe. Zomwe zinadzaza m'bokosi latsopanolo zinali mauthenga a Facebook ndi a anthu aja ondiuza kuti ndawina mamiliyoni ku London.

Sindinagone bwino. M'mawa ndinafika asanatsegule.

Mwini shopu ndi bambo wa zaka za m'ma 40, wolankhula pang'onopang'ono, amene amandiitana kuti "aphunzitsi" ngakhale sindinamuphunzitsepo. Anandimvetsera mpaka kumaliza, anatsegula kompyuta ija, anayang'ana mphindi imodzi yokha, n'kuitana mnyamata uja. Sanamukalipire pamaso panga, anangomuloza pa sikirini. Kenako anandifotokozera. Pali njira ziwiri zomwe pulogalamu ngati Thunderbird imalankhulira ndi bokosi la imelo, ina amati POP, ina IMAP. Iye anati, "Aphunzitsi, POP ali ngati munthu amene mwamutuma kukatenga fodya, iye n'kungotenga amene ali pa chigafa. Mabelo omwe munadinda kale n'kusunga m'nyumba sawadziwa n'komwe." POP imangotenga za mu Inbox basi. IMAP ndi yomwe imaona mafoda onse, ndi Sent yomwe, foda ya makalata omwe munthu anatumiza, monga momwe mwini wake anawasanjira.

Kenako anandionetsa kabokosi kena kochongedwa m'makonzedwe a POP ija, konena kuti makalata asiyidwe ku Yahoo masiku 14 okha akatha kutsitsidwa. Tanthauzo lake, pakanatha masabata awiri wina n'kutsegulanso pulogalamuyo pa kompyuta ya shopu, makalata a mu Inbox yanga yakale akanayamba kufufutika kumene anachokera. Anachotsa chochongacho, anafufuta njira ya POP yonse, n'kuyambiranso.

Apa ndi pomwe ndinaona kuti ndafika kwa munthu wodziwa ntchito. Asanakhudze chilichonse anandipatsa pepala ndi cholembera, nati tilembe kaye chiwerengero cha foda iliyonse. Ine mtima unakhala m'malo nthawi yomweyo, chifukwa zaka 31 ndakhala ndikuitana mayina m'kalasi, ndikudziwa kuti mwana wosowa umamuzindikira pokhapokha ngati uli ndi kaundula. Inbox, 4,312. Sent, 611. Joni, 203. Foda ina ya Sukulu, 88. Drafts, 9. Pasiwedi anati ndilembe ndekha iye atayang'ana kumbali, ndipo kalisiti ka dzulo kaja anakafunafuna mu dengu la zinyalala n'kundipatsa m'manja kuti ndikang'ambe.

Anaika maakaunti onse awiri mu Thunderbird kudzera pa IMAP, wakale pamwamba, watsopano pansi, n'kuyamba kukopera foda imodziimodzi. Anatsindika kuti akukopera, sakusuntha, kuti zoyambirira zikhalebe komwe zili kufikira titatsimikiza. Ubwino wa njirayi ndi wakuti imelo imaoloka ndi zonse zake: tsiku lomwe inalembedwa, dzina la wolemba, zithunzi zomwe anamatapo. Anayamba ndi Joni, chifukwa anandifunsa kuti mwa zonsezi, nyumba itati ikupsa, ndingatulutse iti.

Ntchitoyi sinathe tsiku limodzi, ndipo amene mukufuna kupita mukonzekere zimenezo. Magetsi anazima cha m'ma 11 koloko. Makina a fotokope anakhala chete, anthu a pa mzere anabalalika, koma kompyuta yathu inapitirira chifukwa ali ndi batire ndi inverter yokwanira makina amodzi. Netiweki nayo imati ikathamanga mphindi makumi awiri, iime ngati ng'ombe yakana goli. Komanso anati Google imaika malire pa kuchuluka kwa zomwe munthu angalowetse kudzera pa IMAP pa tsiku limodzi, ndiye ukakakamiza imakutsekera kwa kanthawi. Tinachita masiku atatu, m'mawa wokhawokha. Benchi yawo ndi youma, ndipo wa shopu yoyandikana amaika nyimbo ngati pali ukwati. Tsiku lachiwiri ndinabwera ndi kapilo.

Pa Inbox tinagwirizana zosataya nthawi. Anasanja makalata potengera wotumiza, ndipo zinapezeka kuti ochokera kwa anthu enieni sakwana 400. Enawo tinawasiya komweko. Mayina ndi maadiresi a anthu anawatulutsa pa fayilo imodzi ya mndandanda yotchedwa CSV n'kuilowetsa ku Google, mphindi zisanu sizinakwane.

Tsiku lachitatu ndinatsala pang'ono kukomoka kachiwiri. Titatsegula Gmail kuti tiitane mayina, pa Joni panalembedwa 131 m'malo mwa 203. Ndinaloza pepala langa osalankhula. Iye anaseka pang'ono nati ndisadandaule, Gmail imamanga makalata oyankhana pa mtolo umodzi n'kuwerenga mitolo, osati makalata. Anapita m'makonzedwe, anazimitsa kamangidwe ka mitoloko, chiwerengero chinasintha n'kukhala 201. Munthu wina akanati awiri okha si kanthu. Iye anasanja mbali zonse ziwiri potengera tsiku, n'kumatsika ndi chala pa sikirini chaka ndi chaka mpaka anawapeza. Anatsalira pomwe netiweki inaduka. Ina inali ndi chithunzi chachikulu cha mlongo wanga atatsamira galimoto yoyera ya abwana ake ngati ndi yake. Inayo inali ya mizere iwiri, yopempha kuti ndimupatsire ufa woyera ndi usipa kwa dalaivala wa basi. Atazikoperanso, 203.

Tsopano ndinene chifukwa chomwe ndikulimbikira nkhani ya Sent, chifukwa anthu ambiri, ine ndemwe, timaganiza kuti chofunika ndi makalata omwe tinalandira basi.

Mlongo wanga ankachita lendi kachipinda ku Alexandra. Pa 11 Meyi 2008 ndi komwe kunayambira ziwawa zothamangitsa anthu obwera, zomwe zinafalikira m'madera ena a South Africa ndipo anthu 62 anafa. Ife ku mudzi wa ku Chamama tinalibe kanema, nkhani zinkatipeza mochedwa. Mu foda ya Joni muli imelo yake ya pa 20 Meyi. Ndi yaifupi kwambiri: "Ndili moyo. Tikugona ku polisi. Katundu yense wapita. Za malata dikirani pang'ono." Imeloyi ndaiwerenga kambirimbiri m'zaka zonsezi, ndipo ndinkangoti mwina malata anali m'maganizo mwake chifukwa cha chikondi chake pa mayi athu. Koma titazibwezera pa mitolo, Gmail inaika pamwamba pa imelo yakeyo ina yochokera mu Sent, yomwe ndinalemba ine pa 13 Meyi. Ndime zitatu zathunthu zomudzudzula kuti walonjeza malata a nyumba ya mayi kuyambira Khirisimasi, kuti udzu ukudontha, kuti anzake a ku Joni akumangira makolo awo iye ali phee. Ndinalemba zimenezo iye akuthawa ndi malaya okhaokha. Ndinali nditaiwaliratu.

Ndinakhala pa benchi paja osayankhula. Mwini shopu anaona nkhope yanga, anatembenuzira sikirini kukhoma, n'kupita kukathandiza munthu wa zithunzi za pasipoti. Sanandifunse kanthu. Kuwawa kunawawa, koma sindingafune kuti imelo imeneyo ikanatsala. Yankho lake lopanda funso langa linali theka la nkhani, ndipo theka lomwe linasowalo ndi lomwe likuonetsa mtima wa munthuyo, kuti ali pa simenti ya ku polisi anapezabe mawu ondiyankha modekha.

Pa nkhani ya sikirini ndionjezepo dandaulo langa lalikulu pa shopuyi. Kompyuta yothandizira anthu inayang'ana kukhomo, ndiye aliyense wodikira fotokope amawerenga nawo. Pomwe chithunzi cha galimoto chija chinatseguka, kamnyamata kena ka yunifolomu kanaseka n'kunena kuti bwana ameneyu ndi wa ndalama. Kanalibe cholinga choipa, koma maimelo a munthu muli za matenda, za ngongole, za mabanja. Ndinamuuza mwini wake kuti atembenuze tebulo. Dandaulo lina ndi lakuti mtengo sunalembedwe paliponse, umangomva pakamwa, ndipo ndikukhulupirira kuti umasintha malinga ndi nsapato zomwe wavala.

Chomaliza chomwe anachita ndi chomwe sindinapemphe n'komwe. Anati kusamuka kuchoka ku kampani ina kupita ku ina kuli ngati kuchoka pa lendi kupita pa lendi, nyumba sikhala yako. Ndiye anandiuza kuti ndigule fulashi. Ndinagula ya 32 GB pa K12,000, ndipo anayamba waiyesa kaye, chifukwa akuti zina zimalembedwa zazikulu kunja koma mkati muli kadzenje. Pogwiritsa ntchito chowonjezera china cha Thunderbird chotchedwa ImportExportTools NG, anatulutsa foda iliyonse ngati fayilo ya MBOX. Fayilo yotereyi imasunga makalata onse a mu foda pamodzi, koma sitseguka pongoidina, imafuna pulogalamu ya maimelo. Podziwa kuti ine sindingakwanitse zimenezo, makalata a mlongo wanga ndi mayankho anga anawatulutsanso ngati PDF, yomwe imatseguka pa foni ina iliyonse, ndipo zithunzi anaziika mu foda yakeyake. Anandiuzanso kuti m'tsogolomu mdzukulu wanga akhoza kutenga kope ya Gmail yonse kudzera pa Google Takeout, yomwe imaperekanso MBOX yomweyo.

Zonse pamodzi sizinafike 2 GB. Gmail imapereka 15 GB yaulere, koma malowo amagawana ndi Google Drive ndi Google Photos, ndipo anandionetsa kuti 11 GB ndinali nditadya kale ndi mavidiyo a kwaya ndi maulaliki omwe anthu amatumiza pa WhatsApp, omwe foni inkawakweza yokha. Zaka khumi za mlongo wanga n'zopepuka kuposa makwaya a miyezi isanu ndi umodzi. Tinachotsako ena.

Ndinkaganiza kuti akaunti yakale titseka tsiku lomwelo, koma anandiletsa. Anati pangakhale anthu kapena maofesi omwe akudziwabe adiresi yakale, ndipo Yahoo inasiya kutumiza yokha makalata ku adiresi ina kwa ogwiritsa ntchito mwaulere kuyambira mu Januwale 2021. M'malo mwake anaika uthenga woyankha wokha wouza aliyense wondilembera adiresi yatsopano, nati ndizitsegula kamodzi pa miyezi ingapo. Tinaikamonso nambala yanga ya foni yomwe ikugwira ntchito. Kenako, ine ndikuona, anafufuta maakaunti anga onse mu Thunderbird ya pa shopu pamodzi ndi makalata omwe anatsikira pa kompyutayo, anatsegula tsamba la chitetezo la akaunti iliyonse n'kuchotsa kompyuta yake pa mndandanda wa zipangizo zololedwa, ndipo anandisinthitsa mapasiwedi onse awiri pa foni yanga. Mukapita, izi muzione ndi maso anu, musangouzidwa, chifukwa mnyamata uja tsiku loyamba anasiya bokosi langa lonse pa kompyuta yomwe ana asukulu amalembera maasayimenti.

Pa ntchito yobwereza sanandilipiritse, anangopempha K5,000 ya bandulo. Kuphatikiza fulashi ndi K10,000 yoyamba ija ndi K27,000, osawerengera kabaza wa masiku anayi. Kwa munthu wa penshoni si ndalama yochepa, koma sindikuidandaula. Amayi a ku Chigwirizano, pitani, koma mufunse mwini wake, mupite m'mawa, mupewe kumapeto kwa mwezi pomwe mzere umafika panja, ndipo mutenge pepala lanulanu lolembapo ziwerengero. Mnyamata uja ndinakumana naye dzana pamsika, anandipatsa moni mwaulemu, akuti masiku ano amayamba wafunsa kuti, "Muli ndi mafoda angati?"

Fulashi ili m'chitini momwe ndimasunga mapepala a penshoni, ndipo kope yachiwiri ipita ku Mzuzu mwana wanga akabwera pa tchuthi. Loweruka kunabwera mwana wamkazi wa mlongo wanga, amene bambo ake anamwalira ali Sitandade 4. Tinakhala pakhonde kuwerenga ma PDF aja pa foni, iye akuseka momwe bambo ake ankasakanizira Chichewa ndi mawu a Chizulu. Anafika pa imelo ya mu Ogasiti 2010, pomwe ndinamulembera kuti malata 22 afika kumudzi pa ngolo ndipo mayi avina pabwalo. Anati, "Azakhali, iyi mundisindikizire, pamodzi ndi yankho la adadi." Ndi mapepala awiri. Ndipitanso Lolemba, ndikaonenso ngati tebulo lija analitembenuza.